Njerwa Yopingasa ya pa Nambala Fili

Odutsa pa msewu wafumbi wolowera ku Chongoni akaona nyumba zathu amapukusa mutu, ndipo ena amafika pondifunsa kuti tidzasamuka liti. Ndimawauza kuti asamuke iwowo ngati miyendo ikuwayabwa. Ine ndinakulira pomwepa, pa nambala fili, ndipo nditapuma ntchito ya uphunzitsi ndinabwereranso pomwepa kudzasamalira amayi anga, amene akugonabe m'chipinda chomwe anandiyamwitsiramo.

Ndi mdadada umodzi wa njerwa zootcha: makomo asanu ndi limodzi, denga limodzi, khonde limodzi lalitali kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Anamanga ndi a kampani ina yocheka matabwa, kalekale, kuti muzikhala antchito awo. Kampaniyo itatha, aliyense anatsala mwini wa khomo limene ankakhalapo. Mayina sitinkatchulana kawirikawiri. Kunali a pa wani, a pa thuu, ife a pa fili, kenako a pa folo, a pa faifi ndi a pa sikisi. Mwana akaba mapichesi ankangoti "ndi ka pa faifi aka," ndipo aliyense ankadziwa khomo lokagogoda. Mvula ikamagwa ana tinkathamanga pakhondepo kuchokera pa wani mpaka pa sikisi osanyowa, uku tikulumpha mitondo, mabeseni ndi miyendo ya azibambo osewera bawo.

Njerwa zake si izi za masiku ano zimene ukangozigwetsa zimanyenyeka ngati bisiketi. Ndi zofiira moderako, zina zakuda kumutu chifukwa zinayandikira moto mu uvuni, ndipo ukaigogoda ndi mwala imalira ngati chitsulo. Simenti mulibe. Anamangira dothi losakaniza ndi laimu, ndipo m'kati sanaike pulasitala, anangopaka laimu, moti njerwa iliyonse umaiona m'mene inagonera. Pamwamba pa chitseko chilichonse anaimika njerwa chilili, zopindika ngati uta, popanda chitsulo kapena thabwa lozichirikiza. Zimangokankhana zokhazokha, ndipo zakankhana choncho zaka zonsezi osatopa. Mawindo ndi ang'onoang'ono. Alendo amati m'nyumba mwathu muli mdima, koma alendowo sanagonepo kuno mwezi wa Juni mphepo ikutsika m'phiri.

Abambo anga sanali ocheka matabwa ngati amuna ena a pa mdadada. Anali mmisiri womanga, ndipo ntchito yawo inali kukonza nyumba za kampaniyo. Tsiku lina, ndili kamtsikana ka sitandade folo, anandipeza ndikulemba ndi khala pa khoma la kuchipinda. Ndinkati andikwapula, koma anangondilanda khalalo n'kuloza nalo khomalo.

"Taona mzere uwu. Njerwa zake zagona bwanji?"

"M'litali."

"Nanga wapamwamba pakewu?"

"Ndi tinjerwa tating'ono."

"Si tating'ono ayi. Zimenezi zapingasa, ndiye iwe ukungoona mutu wokha. Mchira wake uli kuti?"

Ndinati uli m'kati mwa khoma. Anaseka. "Mchira wake uli kwa eni, pa folo. Thamanga ukaike dzanja, ine ndizigogoda kuno." Ndinalowa pa folo osaodira n'komwe, n'kuyamba kupapasa khoma mpaka ndinapeza njerwa imene inkanjenjemera m'chikhatho changa. Inali imodzi yomweyo, mutu kwathu, mchira kwao. Nditabwerera anandiuza kuti khoma limeneli si lathu ndipo si la a pa folo, chifukwa mzere wachiwiri uliwonse njerwa zake zimakhala m'nyumba ziwiri nthawi imodzi. Kenako anandipatsa kansanza kuti ndipukute zomwe ndinalembazo.

Chinthu china chimene omanga aja anachita mwanzeru ndi cha moto. Nyumba iliyonse ili ndi chumuni chimodzi pabalaza, pomwe timasonkhapo moto wootha, ndipo chumunicho anachimanga m'khoma limene kuseri kwake ndi chipinda chogona cha mnzako. Moto wa a pa folo unkafunditsa chipinda cha amayi anga, moto wathu unkafunditsa a pa thuu, wa a pa thuu unkafunditsa a pa wani. A pa wani ankafunditsa mbuzi zimene zinkagona kuseri kwa khoma lawo. A pa sikisi okha ndi amene analibe wowafunditsa, n'chifukwa chake kampani inkaikako anyamata osakwatira, ati magazi awo ndi otentha kale. Ukayambana ndi mnzako wa khomo lakumtunda mwezi wa Meyi unali wopusa, ndipo unkapepesa msanga.

Ife tinali ndi mwayi. Amayi a pa folo anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, woseka mpaka a pa wani kumva, ndipo nkhuni sankaumira. Akati asonkhe moto ankaunjika zikuni mpaka anthu kufunsa ngati akuotcha njerwa. Khoma la kuchipinda kwathu linkafunda mpaka m'mawa, moti amayi anga anakankhira bedi lawo kukhoma komweko n'kumagona atatsamiritsa msana. Amayi angawo ndiye ayi. Ankaika tinkhuni titatu n'kumatiyang'anira kuti tisathe msanga, ndipo a pa thuu ankadandaula chaka ndi chaka kuti Mulungu anawaika moyandikana ndi munthu wouma manja. Khalidwe limeneli ndinatengera, sindikana.

M'khoma lomwelo, chapafupi ndi chumuni, muli njerwa imodzi yopingasa imene imatuluka. Abambo anga ndi amene anaikumba dothi m'mbali mwake, chaka chimene amayi a pa folo anali oyembekezera amuna awo ali kutali m'nkhalango kodula mitengo. Anawauza kuti zikavuta angoikankha n'kuitana. Anaikankhadi m'mawa wina mvula ikukhuthuka, amayi anga n'kuthamangira, ndipo mwana wamwamuna anabadwa mzamba asanafike. Njerwayo sanaimangenso. Inasanduka njira ya mchere, ya machesi, ya singano, ndi ya miseche imene sinkayenera kudutsa pakhonde. Ndipo m'mawa uliwonse, kwa zaka zoposa makumi asanu, amayi anga ankagogoda khomalo katatu ndi mthiko wakale umene ankausunga pamutu pa bedi, amayi a pa folo n'kuyankha katatu. Atakalamba onse awiri, amuna awo atapita, kugogodako kunali kuuzana kuti ndikadalipo.

Amayi a pa folo anamwalira m'mwezi wa Febuluwale, chimanga chikumasula. Amayi anga sanalire mokweza. Anangopempha kuti mthiko uja ndisauchotse pamalo pake.

Titangokolola anabwera mwana wa malemuwo, uja wobadwa mvula ikukhuthuka. Ndimamuposa zaka zinayi, ndipo ndinamuberekapo kumbuyo mpaka kundikodzera. Tsopano ndi bambo wa chimimba chake, amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo amayendetsa chigalimoto chotakata. Ananjuta bwinobwino popereka moni kwa amayi, n'kuwapatsa bulangete latsopano lili m'pepala lake. Nditaona bulangetelo ndinadziwa kuti pali nkhani, chifukwa munthu ameneyu chibadwire anali asanawagulirepo ngakhale sopo.

"Amayi, ndi inu achemwali, ndati ndikudziwitseni," anatero atamwa tiyi. "Ndikufuna kumanga nyumba yamakono kuseriku, pomwe malemu ankadzala mpiru. Ndiye nambala foloyi ichoka, pakhale polowera galimoto."

Amayi anangoyang'ana pansi, akusisita bulangete lija. Ine ndinati, "Nyumba ndi yanu, achimwene, palibe akukukanizani. Nanga khoma?"

"Musadandaule. Tingochotsa mbali yathu ndi chumunicho, chifukwa chinatuluka kwambiri, galimoto singadutse. Mbali yanu sitiikhudza n'komwe."

"Mbali yanuyo ndi iti?"

Anaseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. "Achemwali, nyumba izi zinatha. Anthu akumanga mabuloko masiku ano. Bwanji amayi tiwapezere malo m'tauni akapume?"

Amayi ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ali ndi chifuwa cha mphumu, ndiponso nyamakazi m'mawondo. Utsi kapena mbaula kuchipinda kwawo sizilowa, a kuchipatala analetsa, ndipo chisanu chikawalowa amabanika. Chimene chawasunga nyengo zonse zozizira ndi khoma lofunda lija. Za m'taunizo anayankha okha, osakweza mawu: "Ine muno ndidzatuluka pa mapewa a anthu."

Ndinamufotokozera za njerwa zopingasa, monga anandifotokozera abambo, koma iye ankangoti "eya, eya" maso ali pa foni. Atachoka ndinapita kwa a pa faifi kuti tiimire limodzi, popeza nawonso khoma lawo linali loti lisendedwe mbali inayo. Ndinapeza kuti anawapatsa kale shuga ndi mafuta ophikira, ndipo anavomera. Sindinadabwe. A pa faifi ndi omwe aja anapaka simenti kutsogolo kwa nyumba yawo n'kupenta buluu kuti aoneke a m'tauni, abambo anga akuwaletsa kuti khoma la dothi ndi laimu limafuna kupuma. Lero pulasitala wawoyo akusendeka yekha, ndipo njerwa za pansi pake zinavunda ndi chinyezi. Anandiuza kuti ndisamalimbane ndi chitukuko. Ndinawayankha kuti chitukuko chawocho chikuyoyoka pakhonde, atenge tsache.

Patapita masabata awiri, Lolemba m'mawa, ndinamva malata akulira padenga. Nditatuluka ndinapeza denga la pa folo alisasula kale theka. Mwini wake anali chilili pabwalo atapisa manja m'thumba, ndipo m'kati munali mmisiri wovala ovolosi ndi amuna awiri onyamula mapiki. Mmisiriyo anali atajambula kale mzere wa choko pa chumuni. Ndinatenga kampando, n'kulowa pa folo osaodira monga ndinachitira ndili mwana, n'kukhala kutsogolo kwa chumunicho.

"Mayi, tatipatsani mpata tigwire ntchito," anatero mmisiri.

"Ntchito yanji?"

"Tisende mbali iyi. Makoma akale otere amakhala awiri ogundana, lina la uku, lina la uko. Ife tichotsa lathu lokha, lanu litsala bwinobwino."

"Munalimangapo khoma lotere, bambo?"

"Ife timamanga mabuloko, mayi, koma kumanga n'kumodzi."

Ntchito ndinapuma, koma mawu a uphunzitsi sanapume. Ndinatembenukira kukhoma n'kukuwa m'mene ndinkaitanira ana a kumbuyo kwa kalasi: "Amayi! Takankhani njerwa ija!"

Kenako, amuna onse anayi akuyang'ana, njerwa imodzi inayamba kutuluka yokha m'khoma, pang'onopang'ono, fumbi la laimu likuyoyoka. Mmodzi wa amapiki aja anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda wilibala. Njerwayo ndinaiwakha isanagwe. Pabowopo panatulukira nsonga ya mthiko, ndipo mthiko utabwerera panaoneka diso la amayi anga.

"Mwadzuka bwanji kumeneko?" anatero amayi.

Mmisiri anavula chipewa. "Tadzuka bwino, agogo, kaya inu."

Ndinamupatsa mwini nyumba njerwayo m'manja. Mutu wake unali woyera ndi laimu wa kwathu, mchira wake wakuda ndi utsi wa amayi ake. Ulemu wa "inu" unandithera pomwepo.

"Iwe, theka lako ndi lakudali. Tenga sowo udule. Ukatha iyi udule inzake, mzere wachiwiri uliwonse, kuyambira pansi mpaka kudenga. Ukamaliza undiuze chimene chigwire chipinda cha amayi anga."

"Achemwali, musandiyankhule ngati mwana pamaso pa antchito."

"Ndiwe mwana. Bowo ukulionali anabowolera iwe. Amayi ako anakuwira pomwepa iwe uli m'mimba, ndipo amene anakulandira m'manja ndi omwe ukufuna kuwagwetsera khomawa. Lero ukufuna polowera galimoto, polowera pako pa dziko lino waiwala?"

Ndinanena zambiri kuposa izi, zina sindingazilembe. A pa thuu ndi a pa faifi anali atadzaza kale pakhomo. Mmisiri sanatengere mawu anga okha. Anagwada, n'kulowetsa dzanja pabowo mpaka zala zake zinatulukira kwathu, kenako anatsata mizere ya njerwa ndi chala kuchokera pansi. Anadzuka akudzikuntha fumbi m'mawondo.

"Bwana, mayiwa akunena zoona. Khomali ndi limodzi, njerwa zake zinalumana. Tikalisenda, kapena tikazula chumunichi, chipinda cha agogowa chibwera pansi. Ine pamenepa sindiikapo piki. Ndi khoma la ukonso chimodzimodzi."

A pa faifi atamva za khoma la ukolo anayamba kukuwa kuposa ine, shuga uja ataiwala.

"Ndiye galimoto izilowera pati?" anafunsa mwini nyumba.

"Ugule njinga," ndinatero ine, ndipo a pa thuu anaseka mpaka kukhala pansi.

Manyazi anamugwira, n'kusanduka ukali. Anandibwezera njerwa ija mokankha. "Chabwino! Khoma lanulo litsale, chumuni chanucho chitsale. Koma nyumba ikuchoka. Tione ngati muzidzasonkha moto panja ngati amisala. Muzisonkha, ndakulolani!"

Mawu omalizawo ananena monyoza, koma ananena pamaso pa mboni, ndipo ine ndinawasunga.

Sindinganame kuti ndinapambana. Nyumba inachokadi. Ndinaima pakhonde masiku atatu ndikuonerera akugwetsa khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Uta wa pachitseko unawavuta. Anaumenya ndi nyundo m'mbali, osagwedezeka, mpaka mmisiri anakwera n'kuchotsa njerwa yapakati yokha, zonse n'kugwa nthawi imodzi. Mmisiri yemweyo, popanda womutuma, anadula bwinobwino mitengo ya denga n'kuichirikiza, ndipo anakhoma lata pamwamba pa khoma lathu kuti mvula isalowe m'dothi. Pochoka anandipempha kuti atenge njerwa ziwiri akaonetse anzake.

Mdadada wathu unatsala ngati munthu wochoka dzino lakutsogolo, makomo atatu uku, awiri uko. Chumuni cha amayi a pa folo chinatsala chikuyang'ana pabwalo, chakuda bii. Nyumba ya mabuloko inakwera msanga kuseri kuja, ndipo mwini wake ankabwera Lachisanu lililonse kudzaona ntchito. Galimoto inkadutsa ndithu pampatapo, koma ankayamba wapinda magalasi a m'mbali, n'kumalowa pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumamuonerera, osamuthandiza ngakhale kumuuza kuti akhotere kuti.

Juni anafika ndi nkhungu yake. Khoma lija, limene chimangidwire linali lisanaonepo mphepo, tsopano linkailandira yonse yochokera m'phiri. Ukaligwira m'mawa dzanja linkachita dzanzi. Ndinawafunditsa amayi bulangete la mphatso lija, ndi langa, ndi zitenje, koma chifuwa chinayamba. Ndinayesa kuwasamutsira pabalaza pafupi ndi moto wathu, utsi unawatsamwitsa, ndipo anabwerera okha kuchipinda akugwira makoma. Kuchipatala anawapatsa mankhwala, ndipo namwino anandikokera pambali n'kundiuza kuti agogowa ndiwapezere malo ofunda chisanu chisanafike pachimake. Ndinayamba kuganiza za m'tauni, ine ndemwe, ndipo ndinadzida chifukwa cha maganizo amenewo.

Lachisanu lina m'mawa, ndikuwabweretsera phala, ndinawapeza atakhala tsonga, mthiko uli m'manja. Sanandione. Anagogoda khoma katatu, n'kudikira atapendeketsa mutu. Kenako anaika chikhatho pakhomapo, n'kuchichotsa msanga, n'kuchibisa m'bulangete. Mutu wawo umagwira bwinobwino, ankadziwa kuti mnzawo tinamuika m'manda. Dzanja lokha ndi limene linali lisanamve uthenga. Ndinabwerera kukhitchini ndi phalalo, ndipo ndinakalira kumeneko, kulira kwaukali.

Masana omwewo, dzuwa litapendeka, ndinasenza mtolo wa nkhuni, n'kutuluka pakhomo pathu, n'kukhotera pampata paja. Ndinasesa chumuni, ndinachotsa zitosi za nkhuku zimene zinayamba kuusamo, ndinayala tinkhuni n'kuyatsa. Ndinkaopa kuti mphepo izimitsa, koma chumunicho chinakoka utsi monga kale n'kuutulutsa pamwamba. Azimayi ena ochokera kotola nkhuni anaima pamsewu ndi mitolo yawo pamutu. Ndinamva wina akuti aphunzitsi aja zawasokonekera, akuotha panja nyumba ali nayo. Ndinawauza kuti adutse, mitoloyo ingawathyole makosi.

Moto utayaka kwa nthawi ndithu, njerwa zitayamba kutentha, ndinamva hutala kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Inalira kachiwiri, kenako chitseko cha galimoto chinatseguka.

"Achemwali, ndi chiyaninso ichi? Moto panjira ya galimoto? Mukufuna mundiotchere?"

"Unandilola wekha. A pa thuu anamva, a pa faifi anamva."

"Ndinkangonena! Malo ano ndi anga."

"Pansi mpako, sindikukulanda. Koma njerwa ndikuzifunditsazi mitu yake ili kuchipinda kwa amayi anga. Ndikufunditsa theka langa. Ngati lako likufunda nawo, pepa."

"Mpaka liti zimenezi?"

"Mpaka Ogasiti. Chaka chamawa tiyambira Meyi."

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma khoma linamudula mawu. Go, go, go. Ndinatola chikuni n'kuyankha katatu. Njerwa ija inasuntha, ndinailandira, ndipo pabowo panatuluka mawu a amayi, osasa ndi chifuwa.

"Ndani wasonkha moto kwa anzanga?"

"Ndine, amayi."

"Ndinadziwa. Kamoto kake ndi ka pa fili." Anatsokomola. "Wonjezera nkhuni, iwe. Anzanga sankaumira."

Mwana wa anzawowo anamva mawu onsewo. Anaima kanthawi akuyang'ana chumuni cha amayi ake, makiyi ali m'manja. Kenako analowa m'galimoto, n'kuibweza chambuyo, n'kukaiimika pamsewu pansi pa mtengo wa paini, pomwe imagona mpaka lero nyengo yozizira ikafika. Ine ndinabwezera njerwa pamalo pake, mutu kwathu, n'kuponya pamoto mtolo wonse.